Mphaka Wokalamba Akapezeka ndi Leukemia: Anzake Tiwasunge Bwanji?

Pakhomo pathu pali amphaka anayi. Wamkulu pa onse ndi Phulusa, wamkazi, amene chaka chino wakwanitsa zaka 13. Pa kawerengedwe ka madokotala a ziweto, msinkhu umenewu ukufanana ndi wa munthu wa zaka pafupifupi 68. Pali Nyenyezi wa zaka 7, wofatsa, wosakonda kuyenda. Pali Mkango, wamphongo wa zaka 5, amene amachoka madzulo n'kubwera m'mawa makutu ali mabala okhaokha. Wotsiriza ndi Tsabola, kamwana ka miyezi 3 kamene mlongo wathu wamng'ono anakatola kuchigayo.

Titabwera kutchuthi tinapeza Phulusa ataonda, ubweya utanyankhalala, chakudya akungochinunkhiza n'kuchisiya. Titamutsegula kukamwa tinaona kuti nkhama zake, zimene kale zinali zofiirira, zayera mbuu. Tinapita naye kwa dokotala wa ziweto. Anamutenga timadontho ta magazi, ndipo pasanathe mphindi 15 anatiuza kuti ali ndi kachilombo ka leukemia ya amphaka.

Amayi anafunsa zimene ambiri a ife tikanafunsa: "Ndiye adokotala, tikamutaye kutali asanapatsire anzakewa?"

"Ayi mayi, musamutaye," anayankha dokotalayo. "Bweretsani kaye anzakewo tiwayeze."

Phunziro lathu lachokera pa yankho limenelo. Mphaka wokalamba akapezeka ndi kachilomboka pali miyoyo iwiri yofunika kuiganizira: wa wodwalayo, amene watumikira pakhomo zaka zambiri, ndi wa anzake amene akudya naye mbale imodzi. Tiona kuti n'zotheka kuteteza onse, koma pokhapokha titadziwa mmene mphaka aliyense alili ndiponso njira yeniyeni imene kachilomboka kamadutsa.

Kodi matendawa ndi otani?

Kachilomboka kanatulukiridwa mu 1964 ndi William Jarrett ndi anzake pa yunivesite ya Glasgow ku Scotland, pamene ankafufuza chimene chimayambitsa khansa mwa amphaka okhala nyumba imodzi. Madokotala amakatchula mwachidule kuti FeLV. Dzina lakuti leukemia limatanthauza khansa ya m'magazi, koma dzinali lisatisocheretse. Amphaka ambiri amene ali ndi kachilomboka sadwala khansa ya m'magaziyo. Chimene chimawavutitsa kwambiri ndi zinthu zitatu: kuchepa kwa magazi, kufooka kwa chitetezo cha m'thupi, ndi khansa ina yotchedwa lymphoma imene imatupitsa mwanabere ndi ziwalo za m'kati.

FeLV ali m'banja limodzi lalikulu ndi HIV, banja la tizilombo timene timalowetsa malangizo ake m'kati mwenimweni mwa maselo a thupi n'kukhazikikamo. Chifukwa chake zina zimene tinaphunzira pa nkhani ya HIV zitithandiza pano: kuti woonekera wathanzi akhoza kukhala nako, kuti pamakhala masiku amene kachilombo kalowa koma sikanayambe kuoneka poyeza, ndiponso kuti kupezeka nako sikutanthauza kufa mawa. Koma ubale wake ukuthera pomwepo. FeLV ndi wa amphaka. Sagwira munthu, sagwira galu, mbuzi kapena nkhuku. Mwana amene wanyamula mphaka wodwala sali pangozi yotenga kachilomboka.

Pali kachilombo kena ka amphaka kotchedwa FIV kamene anthu amakasokoneza ndi aka. Kameneko kamafala makamaka polumana, ndipo amphaka osamenyana akhoza kukhala nako nyumba imodzi zaka zambiri osapatsirana. FeLV ndi wosiyana, pakuti amafala ngakhale pakati pa amphaka okondana. Malangizo a FIV sayenera kugwiritsidwa ntchito pa FeLV.

Kamayenda m'malovu

Mphaka amene kachilomboka kakhazikika m'thupi mwake amakatulutsa kochuluka m'malovu. Kamapezekanso m'mamina, m'mkodzo, m'chimbudzi, m'magazi ndi m'mkaka wa m'mawere. Choncho njira zake zazikulu ndi izi: kunyambitana, kudya ndi kumwa m'mbale imodzi tsiku ndi tsiku, kulumana pomenyana, ndi kuchoka kwa mayi kupita kwa ana ali m'mimba kapena poyamwa.

Kunja kwa thupi kachilomboka n'kofooka. Pamalo pouma sikakhalitsa kupitirira maola ochepa, ndipo sopo wamba, sopo wochapira mbale kapena Jik wosungunula m'madzi amakapha. Sikauluka mumphepo kuchoka chipinda china kupita china. Mfundo imeneyi ndiyo maziko a zonse zimene tichite m'nyumba. Sitikulimbana ndi mpweya kapena makoma. Tikulimbana ndi malovu a mphaka mmodzi kuti asafike m'kamwa, m'mphuno kapena pabala la mnzake.

Msinkhu nawo uli ndi gawo. Tiana ta amphaka ta miyezi yochepa timatenga kachilomboka mosavuta ndipo kawirikawiri kamakhazikika. Mphaka akamakula thupi lake limalimba polimbana nako. Komabe kulimbako si linga. Wamkulu amene akunyambitana ndi wodwala miyezi ndi zaka, kapena amene walumidwa mozama, akhoza kutenga ndithu. Pakhomo pathu, amene anali pangozi yaikulu anali Tsabola, amene ankakonda kugona atapinda m'mimba mwa Phulusa ngati mwa mayi ake.

Njira zitatu zimene thupi limayankhira

Kachilomboka kakalowa kamayamba kuswana kukhosi, kenaka kamalowa m'magazi, ndipo kakapanda kuletsedwa kamakafika m'mafuta a m'mafupa mmene magazi amapangidwira. Zimene zimatsatira zimadalira mphamvu ya chitetezo cha mphakayo.

Njira yoyamba ndi pamene thupi lagonjetsa kachilombo kasanafalikire. Mphaka wotere sadwala, sapatsira anzake, ndipo poyeza sapezeka nako.

Njira yachiwiri ndi pamene thupi lakapanikiza koma osakachotsa. Kamabisala m'maselo, m'malovu mulibe, ndipo poyeza mwachizolowezi sikaoneka. Mphaka wotere sapatsira anzake podya kapena ponyambitana. Koma chitetezo chikadzafooka chifukwa cha matenda ena, bere, kapena mankhwala ena amphamvu, kachilombo kobisalako kakhoza kudzuka.

Njira yachitatu ndi pamene kachilombo kapambana. Kamaswana mosalekeza, kamatuluka m'malovu moyo wonse wa mphakayo, ndipo ndi amphaka otere amene amadwala ndi kupatsira anzawo. Akatswiri a za amphaka pa yunivesite ya Cornell ku America amanena kuti theka la amphaka opezeka ndi kachilomboka amakhala ndi moyo kupitirira zaka ziwiri ndi theka kuchokera tsiku limene apezeka nako. Ena amafa msanga, ena amakhala zaka zambiri kuposa pamenepo.

Izi zikutithandiza kumvetsa za mphaka wokalamba. Akapezeka nako ali ndi zaka 13, mwina wangotenga kumene, mwina anali nako kobisala kuyambira kale ndipo kadzuka chifukwa cha ukalamba. Mulimonsemo, sitingaweruze za moyo wake ndi kuyeza kamodzi kokha.

Yambani ndi kuyeza onse

Kuyeza kofala, kwa timadontho ta magazi kuja, kumafufuza kachidutswa ka kachilomboka kamene kamayandama m'magazi. Kumagwira ntchito bwino, koma nthawi zina kumalakwa, ndipo kumangotiuza za tsiku limenelo. Pali kuyeza kwina kwa mu labotale kotchedwa PCR kumene kumatha kupeza ngakhale kachilombo kobisala m'maselo. Bungwe la madokotala a amphaka ku America, American Association of Feline Practitioners, linatulutsa malangizo ake atsopano pa matendawa mu 2020, ndipo limatsindika kuti mphaka asaphedwe chifukwa chongopezeka ndi kachilomboka.

Ndondomeko yoyezera ndi iyi. Wopezeka nako ayezedwenso pakapita masabata 6, pakuti thupi likhoza kukhala likadali pankhondo. Ngati papita masabata 16 akupezekabe nako, tidziwe kuti kakhazikika. Wosapezeka nako, koma amene wakhala pamodzi ndi wodwala, ayezedwenso pakapita masiku 30 kapena kuposa kuchokera tsiku limene anasiyanitsidwa, chifukwa kachilombo kongolowa kumene sikaoneka. Masabata odikirawa amatopetsa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi yonse yodikirayi amphakawo akhale osiyanitsidwa, apo ayi kuwerenga masiku kulibe tanthauzo.

Titapita ndi atatu otsalawo, Nyenyezi ndi Tsabola sanapezeke nako. Amene anatidabwitsa ndi Mkango. Wonenepa, ubweya wonyezimira, wodya ngati alendo, koma anapezeka nako, ndipo poyezanso zinali chimodzimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tikanataya Phulusa tsiku loyamba lija tikanataya nkhalamba yosalakwa n'kusiya gwero lina la matenda likudya mbale imodzi ndi kamwana. Ndi chifukwa chake dokotala anati tibweretse onse.

Kusiyanitsa kapena kuwasiya pamodzi?

Njira yokhayo yotsimikizika yotetezera amphaka opanda kachilombo ndi kuwasiyanitsa kotheratu ndi amene ali nako. Tinene zimenezi mosabisa. Kusiyanitsa mbale kokha pamene amphaka akugonabe pamodzi ndi kunyambitana kumachepetsa ngozi, koma sikuichotsa.

Komabe mphaka wokalamba ali ndi zake zofunika kuziganizira. Amphaka amadalira malo amene anazolowera. Kumuchotsa mwadzidzidzi pamalo pamene wagona zaka 10 n'kumutsekera kwayekha kumamudetsa nkhawa, ndipo nkhawa imachititsa mphaka kusiya kudya ndi kufooketsa chitetezo chimene chafooka kale. Choncho posankha tiyang'ane mmene nyumba yathu ilili.

Ngati pali kamwana kosakwana chaka, kapena mphaka wina wodwaladwala, palibe zokambirana. Asiyanitsidwe lero lomwe. Ngati malo palibe, kamwanako, katayezedwa kawiri n'kupezeka kalibe, kaperekedwe kwa wachibale kapena mnzathu. N'kwapafupi kupezera kamwana kathanzi khomo latsopano kusiyana ndi nkhalamba yodwala, ndipo kamwana kamazolowera msanga.

Ngati otsalawo ndi akuluakulu amene akhala ndi wodwalayo zaka zambiri ndipo apezeka alibe kawiri konse, n'kutheka kuti matupi awo anakumana nako kale n'kulimbana nako. Ngozi yawo ndi yocheperapo. Mabanja ena, atamva bwino za ngoziyo, amasankha kuwabayitsa katemera ndi kuwasiya pamodzi, aliyense ndi mbale yake. Amene asankha motero adziwe kuti asankha njira yokhala ndi ngozi, ndipo aziwayezetsa chaka ndi chaka. Ngati amphakawo amamenyana, njira imeneyi siyoyenera.

Ngati opezeka nako ndi awiri ndipo amagwirizana, akhale pamodzi. Uku ndiko kunatipepukitsa ife. Phulusa sanakhale yekha, pakuti Mkango analowa naye mbali imodzi. Tingoonetsetsa kuti wina akagwidwa chimfine kapena kutsegula m'mimba, asiyanitsidwe mpaka atachira.

Pa njira zonsezi lamulo limodzi silisintha: pakhomo pasabwere mphaka wina watsopano nthawi yonse imene wodwalayo ali moyo. Wobwerayo amakhala pangozi, amabweretsa matenda ake, ndipo amayambitsa ndewu yolimbirana malo.

Nanga amphaka a anzathu oyandikana nawo?

Mphaka wathu akamayendayenda usiku, nkhani siikhalanso ya pakhomo pathu pokha. Mkango aliyense amene wamuluma kuseri kwa mpanda watengera matendawa kunyumba kwa eni ake, amene sakudziwa kanthu. Mphaka wopezeka ndi kachilomboka asamatuluke. Zimenezi zimateteza amphaka a anzathu, komanso zimateteza iye mwini ku mabala, majeremusi ndi chiwewe, zimene thupi lake lofooka silingalimbane nazo.

Wamphongo afulidwe, ndipo wamkazi amene akadali wa msinkhu wobereka achitidwe opaleshoni yotseka, dokotala akaona kuti ali ndi mphamvu zokwanira. Wofulidwa safunafuna kutuluka ndipo samenyana kawirikawiri. Wamkazi amene ali ndi kachilomboka akatenga bere nthawi zambiri limachoka, kapena ana amabadwa nako n'kufa ali aang'ono. Ndi bwinonso kuuza oyandikana nawo amene amphaka awo ankakumana ndi wathu, ngakhale kuti kutero kumachititsa manyazi pang'ono. Ife tinatero, ndipo banja lina linatithokoza.

Kukonza malo a nkhalamba

Kusiyanitsa sikutanthauza kutsekera m'kachipinda kamdima. Ngati n'kotheka, wokalambayo ndiye atsale mbali imene anaizolowera, ndipo athanziwo ndiwo asunthe. Ife tinapatsa Phulusa ndi Mkango chipinda cha kumbuyo pamodzi ndi khonde lake, limene tinalitchinga ndi waya. M'munsi mwa wayayo tinakhomamo matabwa kufika m'chiuno kuti amphaka a mbali ziwirizi asamagundanitse mphuno kapena kunyambitana pa mabowo.

Chipindacho chisakhale mosungira chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe, feteleza kapena mankhwala a makoswe. Chikhale ndi zenera lolowa dzuwa ndi mpweya. Pogona pakhale pofewa ndi pofunda, makamaka m'miyezi ya June ndi July, pakuti mphaka woonda amazizidwa msanga. Katoni yogoneka chammbali yokhala ndi bulangete lakale imakwanira, ndipo imamupatsa pobisala akafuna kukhala payekha.

Amphaka okalamba ambiri amavutika ndi nyamakazi ngakhale sadandaula. Beseni la mchenga lodzithandizira likhale la m'mphepete mwafupi kuti asavutike kulowamo. Ngati amakonda kukhala pazenera, muikireni mpando kapena bokosi loti akwererepo m'malo modumpha. Mabeseni akhale okwanira: limodzi pa mphaka aliyense n'kuwonjezerapo lina. Aikidwe kutali ndi mbale za chakudya ndi madzi, ndipo zonyansa zizichotsedwa tsiku lililonse.

Mbali iliyonse ikhale ndi mbale zake, beseni lake ndi chipeso chake. Ife tinagula mbale zofiira za odwala ndi zobiriwira za athanzi kuti ngakhale mwana asasokoneze. Podyetsa timayamba ndi athanzi, kenaka odwala, n'kusamba m'manja ndi sopo. Sipafunika kusintha zovala kapena kuvala magolovesi pomusisita. Chimene chimavuta si ukhondo koma chitseko. Alendo ndi ana amaiwala kutseka, ndiye tinaikapo kandowe pamwamba ndi kapepala kokumbutsa.

Ndipo pakhale munthu womuchezera. Mphaka amene anazolowera kukhala pamiyendo ya anthu madzulo asalandidwe zimenezo. Mlongo wathu amawerengera mabuku ake m'chipinda chimenecho, Phulusa ali pamwendo.

Katemera amathandiza ndani?

Katemera wa FeLV anayamba kugulitsidwa ku America mu 1985. Amaperekedwa kawiri, wachiwiri patapita masabata 3 kapena 4, kuyambira pamene kamwana kakwanitsa masabata 8, ndipo amabwerezedwa pakatha chaka. Chitetezo chimakhwima patapita masabata awiri kapena atatu kuchokera pa jakisoni wachiwiri, choncho tisafulumire kuganiza kuti wobayidwa dzulo ndi wotetezeka lero.

Tikumbukire zinthu zitatu. Choyamba, katemerayu ndi wa amphaka amene alibe kachilombo. Kwa amene ali nako kale sathandiza kanthu, n'chifukwa chake timayeza tisanabaye. Chachiwiri, sateteza mphaka aliyense kotheratu, makamaka amene akukumana ndi malovu a wodwala tsiku ndi tsiku. Amathandizana ndi kusiyanitsa, salowa m'malo mwake. Chachitatu, sasokoneza zotsatira za kuyeza, choncho wobayidwa akhoza kuyezedwabe bwinobwino.

Wodwalayo naye asaiwalidwe pa akatemera ena, makamaka wa chiwewe. Chiwewe chimapha anthu kuno kwathu, ndipo mphaka akhoza kuthawa m'chipinda tsiku lina. Uzani wobayayo kuti mphakayo ali ndi FeLV kuti asankhe katemera woyenera.

Chakudya ndi mankhwala

Mphaka ndi nyama yodya nyama. Nsima yokha siimusunga, makamaka akamadwala. Amafunika nsomba, nyama ya nkhuku kapena dzira, zonse zophika bwino, kapena chakudya cha amphaka cha m'sitolo kwa amene angakwanitse. Nyama yaiwisi, mazira aawisi ndi mkaka wosawiritsa zimakhala ndi majeremusi amene mphaka wathanzi amatha kulimbana nawo koma wofooka chitetezo sangathe. Usipa wouma uviikidwe ndi kuphikidwa popanda mchere, chifukwa impso za mphaka wokalamba sizichedwa kutopa. Madzi abwino akhalepo nthawi zonse.

Tisamale ndi ndiwo zotsala. Anyezi ndi adyo zimaononga maselo ofiira a magazi a mphaka, ziwisi ndi zophika zomwe. Kwa mphaka amene magazi achepa kale, msuzi wa anyezi umene tikumupatsa mwachikondi ukungomuwonjezera vuto. Ngati m'kamwa muli zilonda, chakudya chiphwanyidwe ndi kufunditsidwa pang'ono kuti fungo limukope.

Mankhwala ochotseratu kachilomboka palibe. Chimene dokotala amachita ndi kuchiza msanga matenda amene akubwera chifukwa cha kufooka kwa thupi: zilonda za m'kamwa, chimfine, mabala, kutsegula m'mimba. Amphaka otere amachira ndithu, ngakhale nthawi zina amafunika kumwa mankhwala masiku ochulukirapo. Nthata ndi nyongolotsi zithetsedwe nthawi ndi nthawi, pakuti nthata zimayamwa magazi ndiponso zimafalitsa matenda ena.

Apa pali chenjezo limene tikupempha aliyense alisunge. Musapatse mphaka Panado. Ngakhale chidutswa cha piritsi limodzi chikhoza kumupha, chifukwa chiwindi cha mphaka sichitha kugaya mankhwala amenewa. Aspirin ndi Brufen nazonso n'zoopsa. Mankhwala ena a nthata ndi nkhupakupa opangira agalu, amene muli permethrin, amachititsa mphaka kunjenjemera ndi kukomoka mpaka kufa. Safunsa anadya phula. Tisanapereke mankhwala alionse tifunse dokotala wa ziweto.

Tisaiwale kuti ndi wokalambanso

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kunena kuti chilichonse chimene chavuta mphakayo ndi kachilombo kaja, n'kungokhala osachitapo kanthu. Mphaka wopitirira zaka 10 amadwala impso, mano, shuga ndi nyamakazi monga nkhalamba ina iliyonse, ndipo ambiri mwa mavutowa ali ndi chithandizo. Phulusa anali ndi dzino lobooka ndi nkhama zotupa. Zitachiritsidwa zimenezi ndi nthata zitathetsedwa, anayambanso kudya.

Azionedwa ndi dokotala miyezi 6 iliyonse ngakhale akuoneka bwino. Kunyumba tizimuyeza kulemera kamodzi pamwezi. Njira yake njosavuta: kwerani pasikelo mutamunyamula, kenaka kwerani nokha, n'kuchotsera. Lembani m'kope. Kuonda kumaoneka m'kope kusanaoneke ndi maso. Sabata iliyonse tiyang'ane nkhama, tipapase pansi pa nsagwada ndi kuseri kwa mawondo ngati pali zotupa.

Tithamange naye kwa dokotala ngati watha tsiku lathunthu osadya, ngati akupuma movutikira kapena kukamwa kuli yasa, ngati nkhama zayera kapena zachita chikasu, ngati akusanza kapena kutsegula m'mimba mosalekeza, kapena ngati akulephera kuyenda. Mphaka akakhala masiku angapo osadya chiwindi chake chimaonongeka, choncho kudikira kuti mwina mawa adya n'koopsa.

Kwa anthu, tanena kale kuti kachilomboka sikatigwira. Koma mphaka wofooka chitetezo amagwidwa mosavuta ndi matenda ena monga chipere amene munthu angatenge. Mayi woyembekezera ndi munthu amene chitetezo chake n'chochepa asakhale amene akutaya mchenga wa m'beseni, ndipo tonse tizisamba m'manja tikamaliza ntchitoyo.

Masiku otsiriza

Idzafika nthawi imene chithandizo sichidzathandizanso. Tidzadziwa poona kuti sakudya ngakhale chimene amachikonda, sakudzisamalira, akudziipitsira pogona, akubisala, kapena akuvutika kupuma, ndipo masiku oipa achuluka kuposa abwino. Pamenepo dokotala akhoza kumugoneka ndi jakisoni mopanda ululu. Kumuika m'thumba n'kukamusiya kutchire si kumumasula. Amafa ndi njala ndi mantha, ndipo ngati akadali ndi mphamvu amakafika pakhomo pa ena n'kukapatsira amphaka a kumeneko. Kumuthira poizoni kapena kumumiza m'madzi ndi nkhanza imene nyama yotitumikira siyenera kulandira kwa ife.

Akamwalira, mbale ndi mabeseni zitsukidwe ndi sopo ndi Jik, zogonera zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa, pansi pakolopedwe. Popeza kachilomboka sikakhalitsa kunja kwa thupi, chipindacho sichifunika kutsekedwa miyezi. Amphaka otsala ayezedwenso, ndipo aliyense watsopano ayezedwe asanalowe.

Pamene tikulemba, papita miyezi 8 chiyezetsereni Phulusa. Tsabola anayezedwa kawiri, alibe, ndipo analandira katemera pamodzi ndi Nyenyezi. Mkango analira pachitseko masabata awiri oyamba, koma atafulidwa anazolowera, ndipo makutu ake apola koyamba m'zaka zitatu. Phulusa sanabwerere pa thupi lake lakale. Nkhama zake zikadali zotuwirako, ndipo tikudziwa kumene ulendowu ukupita. Koma m'mawa uliwonse amatuluka pakhonde kukaothera dzuwa, ndipo amayi, amene anafunsa zomutaya aja, ndiwo amamuphikira usipa wopanda mchere m'kapoto kakekake.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani kuyeza mphaka wodwala yekhayo sikukwanira? Kumbukirani zimene zinapezeka mwa Mkango.

2. Banja lili ndi chipinda chimodzi ndi pabalaza, mphaka wa zaka 12 amene ali ndi kachilomboka, ndi kamwana ka miyezi 4 kamene kalibe. Mungalilangize chiyani, ndipo chifukwa chake n'chiyani?

3. Tchulani zinthu zitatu zopezeka m'makhitchini ndi m'makabati athu zimene zingaphe kapena kufooketsa mphaka wodwala.

4. Mphaka wanu wapezeka ndi kachilomboka, ndipo mukudziwa kuti amamenyana ndi wa oyandikana nawo. Mungawauze motani, ndipo mungayambe ndi mawu ati?